Tirigu wa Kuno, Tirigu wa Kwathu

Delft, Cape Town
15 Meyi 2016

Ababa,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi amayi ndi mwana wanga Cecilia. Ine ndili bwino, kungoti kwayamba kuzizira, ndipo kuno mvula imagwa m'chisanu, nthawi imene kwathu kumakhala kutauma. Bambo a Cecilia, a Douglas, ali bwino, akupereka moni. Munadandaula kuti pa foni mayunitsi amatha nkhani isanayambe, ndiye ndayambanso kulemba. A Sultani oyendetsa lole avomera kumasiya makalata pa golosale ya bambo aang'ono pa mphambano ya Tsangano.

Ntchito yanga ya m'nyumba ku Camps Bay inatha. Azungu aja agulitsa nyumba, abwerera kwawo. Ndinakhala kanthawi ndili phee, mpaka mnzanga wa kutchalitchi, Ropafadzo, anandipezera malo kumene amagwira iye. Ropafadzo ndi wa ku Harare koma agogo ake anachokera ku Dedza, ndiye Chichewa chake n'chosakaniza ndi Chishona. Malowo ndi famu ya tirigu ku Philadelphia. Musaseke, si ya m'buku la Chivumbulutso ayi, ndi kamudzi chabe kunja kwa tauni, ndipo ukaima m'munda phiri la Table limaonekera kutali. Eni ake ndi a Visser, mzungu wokalamba, ndi mwana wawo wamkazi Marlise amene anaphunzira zaulimi.

Ababa, tirigu! Ndinachoka ku Tsangano n'cholinga choti ndisadzaonenso munda wa tirigu, lero ndi uyu wanditsatira. Koma chimene chandidabwitsa n'chakuti anthu awa salima. Mukudziwa mmene ife timavutikira, kutentha mapesi, kugaula, kuphwanya zigulumwa, kenako kufesa. Kuno munda umangokhala ndi ziputu za chaka chatha, zotuwa mbuu, nkhosa zikudyamo. Likubwera thirakitala likukoka chimakina chotambalala ngati msewu, chikung'amba timizere m'ziputumo n'kugwetsamo mbewu ndi feteleza. Basi, kubzala kwatha.

Ine ntchito yanga inali yotsegula matumba a mbewu, koma pakamwa panandiyabwa. Ndinafunsa Marlise kuti bwanji osatentha. Anati ziputu zimasunga chinyontho, ndipo chilala cha chaka chatha chinawaphunzitsa zambiri.

"Nanga tizilombo sitibisala m'menemo?" ndinatero.

Anandiyang'ana, n'kufunsa kuti kwanu mumalima chiyani. Nditamuuza kuti bambo anga amalima tirigu pamwamba pa mapiri, sanakhulupirire kuti ku Malawi kuli tirigu. Kenako anati, "Tina timabisala, inde. Tirigu akamera uzidzayenda ndi Ropafadzo m'munda, muzidzaona kuti ndi titi."

Ndatumiza kangachepe. Mugulire Cecilia juzi isanafike Juni, ndipo kotsalako kakhale ka sopo. Tirigu wanu wafika pati?

Ine mwana wanu,
Viness


Delft
10 Julayi 2016

Ababa,

Kalata yanu ndalandira, ndipo ndasangalala kuti mwendo wa amayi wasiya kutupa. Ine ndili bwino, chimfine chokha.

Mwafunsa kuti ntchito yoyenda m'munda ndi ntchito yanji, popeza kwathu woyenda m'munda wa eni wopanda khasu timamutcha wakuba. Imakhala motere. Mame akangouma, ine ndi Ropafadzo timalowa m'tirigu, tikuyenda mokhotakhota, tikuzula phesi apa ndi apo n'kumaona nsabwe. Ndi zomwe zija zobiriwira zimene mumazitikita ndi chala. Pali mtundu wina woipa kwambiri: tsamba limapindika n'kukhala ngati kachubu, limachita mizere yoyera, ndipo ukalifunyulula umapeza zadzaza m'kati. Marlise akuti zikabisala chomwecho ngakhale mankhwala amavutika kuzipeza.

Anatipatsa kagalasi kokuza zinthu. Ababa, ndikanakonda mukanaona. Nsabwe ili ndi mlomo ngati singano, imabaya tsamba n'kumayamwa osasuntha. Tsiku lina ndinaona ina ikubereka. Siinaikire dzira ayi, kanatuluka kamwana kamoyo, miyendo ikuphiriphitha, ngati mmene imachitira mbuzi. Ndinakuwa mpaka Marlise anathamanga kuyesa kuti ndaona njoka. Akuti nyengo ino zonse n'zazikazi, zimaberekana popanda yaimuna. Ropafadzo anangoti, "Mwari wangu, zili ndi mwayi," n'kupitiriza ntchito.

Tsono pali chinthu chikundisowetsa mtendere, mwina inu mungandithandize. Pali minda iwiri yoyandikana, mbewu imodzi, anabzala sabata imodzi. Wakumtunda ndi umene a Visser amaukonda. Muli tirigu chaka ndi chaka, ndipo anathiramo feteleza wambiri, masamba ake ndi obiriwira mpaka kuda. Wakumunsi ndi umene Marlise akuyesererapo njira zake. Chaka chatha munali kanola, mbewu ya mafuta yofanana ndi mpiru, ndipo chaka chino kanolayo ali m'mbali mwake. Nsabwe zachuluka kumtunda, kumunsi n'zapatalipatali.

Ropafadzo akuti ndi fetelezayo, masamba afewa ndipo akuzikomera. Ine ndikuganiza zina. Titangoyamba ntchito ndinaona kuti kumtundako kunali tirigu wodzimerera yekha kuchokera ku njere zotayika pokolola, chifukwa mpanda unagwa ndipo nkhosa sankazilowetsako. Ndiye ndikuti mwina nsabwe zinkadikirira m'menemo, tirigu watsopano atamera zinangosamuka. Tinafunsa Marlise kuti wolondola ndani. Anati mwina tonse, iyenso sakudziwa bwinobwino. Ndinadabwa kumva munthu wa sukulu akunena choncho.

Chonde mukaone m'munda mwanu. Tirigu wa pafupi ndi khola, pamene pamatsikira ndowe, ali ndi nsabwe zambiri kuposa wa kumtunda kwa miyala kuja? Mundiyankhe.

Buledi wakwera mtengo ngakhale tikukhala pakati pa tirigu. Bambo a Cecilia ndimaonana nawo mwa apo ndi apo. Akuti ntchito yawachulukira.

Viness


Philadelphia
14 Ogasiti 2016

Ababa,

Moni nonse kumeneko. Muona kuti keyala yasintha. Ndikukhala pa famu pompano, chipinda chimodzi ndi Ropafadzo. Matakisi a ku Delft amadya ndalama, ndiponso ulendo wake ndi wautali. Chifukwa china n'chakuti Loweruka lina tinaweruka msanga, ndipo nditafika kunyumba ndinapeza pakhomo pali nsapato zachikazi zomwe si zanga. Zotsalazo ndidzauza amayi pa foni. Musade nkhawa, ndikudya, ndikugona.

Zikomo poti munapitadi kukaona. Ndinawerengera Ropafadzo pamene mwalemba kuti tirigu wa kukhola ndi wonenepa koma ndiye wodzaza nsabwe, ndipo anavina m'chipinda muno kuti wapambana. Za nyerere zimene mwaona zikukwera mapesi, Marlise akuti zimatsata timadzi totsekemera timene nsabwe zimatulutsa. Mukaonenso ngati zikuzidya kapena zikungozisisita.

Kuno kunali mkangano. A Visser anabwera kumunda wakumtunda, anafunyulula tsamba limodzi, nkhope inasintha. Anati aitanitsa ndege ipopere famu yonse, monga wachitira mnansi wawo. Marlise anakana. Anakangana m'Chibunu ife titaima pomwepo ngati mitengo. Ine Chibunu ndimangotolako pang'ono, koma Ropafadzo anandinong'oneza. Mkuluyo ankati, "Chaka chatha ndinakolola fumbi. Ukufuna chaka chino ndidyetse nsabwe? Anthu awa udzawalipira ndi chiyani?" Anatiloza ife. Apo sankanama. Tirigu akalephera, oyamba kuchotsedwa ndi ife obwera.

Mapeto ake anagawana. Kumtunda anapopera ndi thirakitala, kumunsi Marlise anati tidikire.

Atatiloleza kulowanso kumtundako, nsabwe zinali zitafa, zoona. Koma pansi panali tizikumbu tija tofiira ta madontho akuda, timene Cecilia amakonda kuika pachikhatho, tili gada. Marlise anatola kamodzi n'kundiuza kuti chakudya chake ndi nsabwe. Ine zaka zonsezi ndinkayesa kuti nako kamadya tirigu. Inu munkadziwa?

Munanena kuti mukolola mwezi uno. Musanyamule mitolo nokha, msana uja.

Mwana wanu,
Viness


Philadelphia
18 Seputembala 2016

Ababa,

Ndikhulupirira muli bwino ndipo kupuntha tirigu kwatha. Ine ndili bwino.

Kanola wachita maluwa. Chigwa chonse chili chikasu, moti anthu a m'tauni amaimika magalimoto pamsewu n'kumajambulitsa. M'maluwamo muli phokoso la njuchi ndi tintchentche tamizeremizere tomwe timaima m'malere osapita kutsogolo kapena kumbuyo.

Nkhani ndi iyi. Kumtunda kumene anapopera kuja nsabwe zabwereranso, ndipo a Visser apoperanso kachiwiri. Kumunsi zinayamba kuchuluka ndithu, mpaka Marlise anasiya kuseka, ndipo ine ndinayamba kuganiza zoti ndikafunse ntchito kumafamu a mphesa. Kenako ndinayamba kuona zachilendo. Pakati pa nsabwe zobiriwira panali zina zouma, zotupa, zofiirira ngati njere ya mapira, zomatirira patsamba. Zina zinali ndi kabowo kozungulira bwino kumsana, ngati munthu waboola ndi singano.

Sindinafunse aliyense, ndinafuna ndione ndekha. Ndinadula tsamba lokhala ndi zouma zopanda bowo, ndinaliika m'botolo la jamu, n'kumanga kansalu pakamwa. Ropafadzo anati, "Iwe shamwari, anzako amasunga shuga m'botolo, iwe ukusunga nsabwe?" Botololo linakhala pawindo. M'mawa wina ndikuvala ndinaona tinthu takuda tikuuluka m'katimo, tochepa ngati chitowe, ndipo nsabwe zija zonse zinali ndi mabowo. Pa kagalasi kaja tinkaoneka ngati mavu, chiuno chake chomwecho.

Ndinathamanga nalo kwa Marlise. Anakuwira bambo ake kuti, "Pa, kom kyk!", ndiko kuti bwerani mudzaone. Akuti kachilomboka kamabaya nsabwe n'kuikira dzira m'mimba mwake, mwana amakulira m'katimo akudya nsabweyo, akakula n'kuboola potulukira. Akuti akuluakulu ake amamwa timadzi ta m'maluwa, ndiye mwina n'chifukwa chake tachuluka kufupi ndi kanola. A Visser anayang'ana m'botolomo nthawi yaitali, n'kunena kuti, "Tiona pa sikelo." Koma botolo sanandibwezere, analowa nalo m'nyumba.

Tsono ndikuganiza za mpiru umene amayi amausiya kuti uchite njere m'mphepete mwa dimba. Chaka chamawa bwanji muufese m'mbali mwa tirigu, mbali imodzi yokha, tione ngati pangakhale kusiyana? Sindikulonjeza kanthu, ndikungofuna kudziwa.

Pali nkhani ina imene siyoyenera kuti ndikuuzeni ine. Muwauze amayi kuti ndinapita kusikelo, ndipo Cecilia adzakhala ndi mnzake chakumapeto kwa dzinja lanu. Bambo ake ndinawatumizira uthenga. Anawerenga.

Viness


Philadelphia
20 Novembala 2016

Ababa,

Pepani kuti ndakhala chete nthawi yaitali. Ndamva kuti amayi ankalira. Ndili moyo, ndipo amene ndanyamulayu alinso bwino, akundimenya mateche pamene ndikulemba pano.

Chinachitika n'chakuti mwezi watha ndinali kumalire a munda wakumunsi pamene ndege ya famu yoyandikana nayo inkapopera. Mphepo inatembenuka mwadzidzidzi, utsi wake unandipeza. Maso anayaka, ndinasanza, ndipo Marlise ananditengera kuchipatala pa galimoto. Anandisunga kumeneko pang'ono n'kunditulutsa. Kuyambira pamenepo a Visser anandiletsa kulowa m'munda, ndikugwira kunkhokwe. Anapita okha kwa mnansi wawoyo, ndipo mawu awo ankamveka mpaka kuno.

Takolola. Mukufuna kudziwa amene wapambana, inenso ndinkafuna. Palibe. Kumunsi nsabwe zinathadi popanda mankhwala, koma ngala zitayamba kukhwima kunabwera mbozi, zinadya mbali ina ndithu, ndipo Marlise yemweyo anapopera chigawo chimenecho. Kenako nkhono. Ziputu zosatentha zija, zimene zimasunga chinyontho, zimasunganso tinkhono toyera. Kutatentha tinakwera m'mapesi, makina okololera anatimeza pamodzi ndi tirigu, ndipo ine ndi Ropafadzo takhala tikupeta tizigoba. Pa sikelo munda wakumtunda unaposa pang'ono. Marlise akuti ukachotsa zimene zinapita ku mankhwala ndi feteleza, wakumunsi ndiye uli patsogolo. Aliyense akuyenda monyada. Chimene agwirizana n'chakuti akonza mpanda uja kuti nkhosa zidye tirigu wodzimerera, ndipo ayesa kusiya ziputu zazifupi kuti aone ngati nkhono zingachepe. Ine ndafunsa ngati abakha sangathandize. Anaseka, koma sanakane.

Chachikulu n'chakuti atiuza kuti chaka chamawa tibwerenso tonse awiri.

A Douglas anabwera kuno nditatuluka m'chipatala. Anaima pageti ndi galimoto. Anati ntchito ya kumunda yandipha, ndilongedze tibwerere ku Delft. Ndinafunsa ngati m'nyumba muja muli malo. Anati, "Zimenezo tikakambirana konko." Sindinakwere galimotoyo. Anati aimbira amalume monga ankhoswe, ndipo auzanso inuyo kuti mundilamule.

Ababa, mukalamula ndidzamva, chifukwa ndinu bambo anga. Koma ndikupempha kuti musafulumire.

Ndalama za feteleza wa chimanga ndatumiza kudzera kwa a Sultani.

Mwana wanu,
Viness


Philadelphia
9 Epulo 2017

Ababa,

Moni kwa inu, amayi ndi Cecilia. Monga munamva pa foni, ndi mwamuna, ndipo akuyamwa ngati wabwera ndi njala ya kwathu. Ine mphamvu zabwerera. Ropafadzo ndiye wakhala mayi wanga kuno.

Miyezi yonseyi inu simunalembe. Amalume anaimba kangapo, mawu awo ndi amodzimodzi, akuti mkazi sakhala kuthengo mwamuna ali m'tauni. Nditafunsa kuti nanga ababa akuti chiyani, anati mwangoti mwamva. Ndinkaopa kuti mwakwiya nane. A Sultani ataimba kuti ali ndi katundu wanga, ndinapita kukakumana nawo ndikuti lero ndiye ndilandira chigamulo.

Anandipatsa kaphukusi kokulunga m'nsanza. Ndinamasula pomwepo pamsewu. Munali kapepala ndi kabotolo ka mankhwala a chifuwa, m'kati muli mbozi ziwiri zikuyandama m'madzi oyera. Nditatsegula, fungo lake! A Sultani anaseka mpaka kugwira lole. Akuti mudzi wonse ukukamba za inu, zoti a Sosten, mkulu wa mpingo, anawaona masanasana akugula kachasu, ndipo abusa atawafunsa anayankha kuti si wanga, ndi wa mbozi.

Funso lanu loti mbozizi n'zamtundu wanji ndiyankha mmene ndathera. Marlise anaziika pa mbale n'kuziona ndi galasi. Pamutu pali chizindikiro chonga mphanda, ndipo chakumchira kuli madontho anayi akuda okhala ngati ngodya za nyumba. Akuti zikufanana ndi mbozi zachilendo zimene zavuta m'chimanga chaka chino m'maiko ambiri, koma iye sanazionepo ndi maso, ndiye watumiza chithunzi kwa anzake odziwa. Akuti zimakonda chimanga koma zikasowa zimatha kugwira tirigu. Poti mwati zinachokera m'chimanga cha mochedwa chija, tirigu amene mwafesa kufupi nacho muzimuyendera m'mawa uliwonse akadali wamng'ono. Muziyang'ana kunsi kwa masamba, mukaona mazira owunjikana okutidwa ndi tiubweya muziwatikita. Amene akudziwa akayankha ndidzakuimbirani. Mundiuzenso ngati mbalame zikuzidya, ndi mbalame zanji.

Kapepala kanu kanali ndi mizere iwiri yokha, za mbozi basi. Ndinakatembenuza kufuna mawu ena, za a Douglas, za amalume, osapeza. Kenako ndinaona mmene mwalembera pamwamba. Dzina langa, dzina lanu osati la a Douglas, ndi keyala ya pa famu pano. M'munsi mwake mwalemba kuti, "Ukhale pomwepo, chaka chino ndili ndi mafunso ambiri."

Ndamva, Ababa. Tikubzala mwezi wamawa mvula ikagwa.

Mwanayu sanatchulidwebe dzina. Tikudikira inu.

Ine mwana wanu,
Viness Sosten